Zomvera M'chifuwa Khumi ndi Ziwiri

1. Makina a pakona

Kamphepo sanali mwana woti ungamuone atakhala pansi. Dzina lake lenileni linaiwalika akadali kamwana, chifukwa ukamamuitana amakhala atadutsa kale. Tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu, miyendo itatalika, koma phuma linali lomwe lija.

Pa tchuthi chimenecho ankatandala m'kashopu ka amalume ake, kuseri kwa malo ometera tsitsi. Amalume anali mmisiri wokonza zipangizo za m'chipatala: masikelo, nyale, makina oyezera kuthamanga kwa magazi. Mawaya anali mbwee paliponse, moti mlendo ankayamba wafunsa poika phazi.

Chimene chinkamukoka Kamphepo chinali patebulo la pakona. Inali pulinta, koma yosalemba papepala. Inkameza ulusi wa pulasitiki, n'kuusungunula, n'kumaulavula kudzera pakamlomo kotentha. Mzere pamwamba pa mzere, mzere pamwamba pa mzere, mpaka chinthu chitaima chathunthu choti n'kuchigwira m'manja.

Lolemba m'mawa amalume anamukodola. "Tabwera kuno, mphwanga. Ichi ukuchidziwa?"

Pakompyuta panali chithunzi cha kanthu kozungulira ngati chivundikiro cha botolo lalikulu, kokhala ndi kakhosi pambali.

"Ndi mutu wa chomvera m'chifuwa! Chija madokotala amakoleka m'khosi!"

"Walasa. Pulani yake anajambula ndi anthu akutali, amene ine ndi iwe sitidzawaona. Anaiyesa, anaikonza, kenako anaiika pa intaneti kuti aliyense woifuna aitenge ulere."

"Ulere? Ndiye ndi opusatu anthuwo."

"Wopusa ndi amene akufunsayu," anatero amalume akuseka. "Anthu aja ankadziwa kuti kuli zipatala kumene chomvera chimodzi chimalimbiranidwa ngati mpando wa m'basi."

Chipatala chotero Kamphepo ankachidziwa bwino, chifukwa amayi ake anali namwino kumeneko. Kunali alangizi a zaumoyo khumi ndi awiri oyendera ana m'makomo, koma zomvera m'chifuwa zinalipo ziwiri zokha. Nyengo yozizira inali itayamba, ndipo chibayo chinali chitayamba kale kugogoda pamakomo. Amayi ndi amene anachonderera anamwino aakulu, oyang'anira chipatalacho, kuti ayese zomvera zoumbidwa ndi mchimwene wawo. Anamwino aakulu anavomera monyinyirika: zibwere zinayi Lachisanu, akazione okha.

Mutu woyamba unatenga maola asanu. Kamphepo anaudikirira maso ali tong'o, osaphethira. Utazizira, amalume anadula kachikopa kozungulira pachikuto cha pulasitiki chokutira mapepala, n'kukamangirira pakamwa pake. Analumikiza kapaipi kofewa ndi tonyanga tiwiri tolowa m'makutu. Zonse pamodzi mtengo wake sunkaposa wa makope awiri.

Kamphepo anachivala, n'kugunditsa mutuwo pachifuwa cha amalume. Anamvetsera. Kenako anakuwa mpaka wometa tsitsi anasuzumira pawindo ndi lumo m'manja.

"Ukumveka! Amalume, muli ndi mtima! Amayi amati mulibe!"

"Kawauze kuti ulipo, kungoti sindiugwiritsa ntchito pa iwo."

2. Chenjezo la amalume

Pofika Lachiwiri madzulo zinayi zinali zitatha, zoyera mbee. Kamphepo analowa m'nyumba chimwemwe chitadzaza tsaya, ndipo pakamwa panathamanga kuposa mutu.

"Amayi, zinayi n'zochepa. Lachisanu ndibweretsa khumi ndi ziwiri, mlangizi aliyense chakechake!"

"Ukunena zoona, mwana iwe?"

"Mudzaona nokha."

Amayi sanadikire n'komwe kuti kuche. Anaimbira foni anamwino aakulu pompo, ndipo Kamphepo anawamva akuti, "Mwana wanga akanena chinthu amachita."

Lachitatu m'mawa anapeza amalume akulongedza zitsulo m'chikwama. Anali ataitanidwa kuchipatala china chakutali kukakonza makina ophera tizilombo, ndipo ankayembekezeka kubwerako Loweruka. Anamupatsa kiyi, koma sanamutaye msanga. Anamukokera pakompyuta, n'kuloza kabokosi kamene munali nambala 100.

"Mphwanga, tchera khutu. Ulusi ulipo wokwanira, ukafuna uumbe zina. Masiku awiri ndi mitu inayi, basi. Mtundu usinthe mmene ungafunire, ngakhale dzina lako ulembepo. Koma nambala iyi usaikhudze. Handiredi akutanthauza kuti m'kati monse mudzaze, musatsale mpata. Amene anajambula pulaniyi analemba zimenezi ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo sanalembe poti inki inawachulukira. Anayamba alakwitsa iwowo kuti iwe usalakwitse.

"Pulani yaulere si pulani yopanda mwini. Mwini wake ndi aliyense amene adzagonekedwe pabedi kuti amupime. Munthu ameneyo sadzakufunsa kuti unaumba zingati, ndipo sadzatha kusuzumira m'kati. Adzangokhulupirira. Ine ndagwira ntchitoyi zaka makumi awiri, ndipo chipangizo chimene ndimachiopa si chakufa ayi. Chakufa aliyense amachiona, n'kuchitaya. Choopsa ndi chimene chimaoneka chamoyo koma chikunama. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

Anamvadi, koma za lonjezo la dzulo lija sanatchule. Anachita manyazi.

3. Nambala imodzi yokha

Amalume atangokhota pakona, Kamphepo anatenga pensulo. Zinayi zinalipo. Zinayi zina zikanatheka. Zonse pamodzi zisanu ndi zitatu. Anawerengera chakutsogolo, anawerengera chakumbuyo, koma masamu alibe chisoni ndi munthu.

Anakhala pakompyuta n'kufufuta 100 uja, akuti angoona chabe. Analemba 50. Kompyuta inati maola atatu ndi theka. Analemba 15. Kompyuta inati maola awiri.

Maola awiri! Mitu inayi patsiku! Chala chinadina chisanapemphe chilolezo kwa aliyense.

Pulinta inayamba kuvina mwaliwiro. M'malo modzaza m'kati, inkangoluka timizere topingasa tokhala ndi mipata ngati chisa cha njuchi. Kenako inavundikira pamwamba bwinobwino. Mutuwo utatha, Kamphepo anauika pambali pa wa amalume. Anali mapasa enieni.

Komabe mawu a amalume ankamutsina, choncho anaganiza zouyesa. Anathamangira kusitolo ya kumapeto kwa msewu kukagula chikuto china, n'kubwerera chothamanganso. Analumikiza zonse akupuma wefuwefu, n'kugunditsa pachifuwa chake.

Gu! Gu! Gu! Gu!

"Ha! Amalume amangoopa zinthu," anatero akuvina yekhayekha pakati pa mawaya.

Mwana wosauka sanaganize kuti mtima wa munthu amene wathamanga msewu wonse ungamveke ngakhale ndi kapu ya tiyi.

Lachinayi dzuwa likupendeka, zonse zinali zitatha. Anazipukuta, n'kuziyala m'katoni imodzi, za amalume ndi zake mosakaniza. Amayi ataona, anagwira pakamwa. Anaziwerenga kawiri, kenako anamukumbatira mwana wawo mpaka nthiti kulira.

"Wandiveka ulemu, mwana wanga. Mawa ndiyenda mutu uli m'mwamba."

4. Lachisanu

Amayi ananyamula katoniyo m'mamawa popita kuntchito. Kamphepo anawatsatira cha m'ma teni koloko, atavala diresi lake labwino, nsapato zitapukutidwa mpaka kuwala.

Chipinda chopimira ana chinali chodzaza. Alangizi a zaumoyo anaima m'mbali mwa khoma, ena atakhala pawindo. Mayi wokolopa anaimika ndowa yake pakhomo kuti naye aone. Pabenchi panakhala mayi wina atafungata khanda limene linali litapezeka ndi chibayo m'mawa womwewo, ndipo anali atavomera kuti mwana wakeyo apimidwenso.

Anamwino aakulu anali mayi wa imvi, wamfupi, wosaseka wamba. M'khosi mwawo munali chomvera chachitsulo chimene chinali chachikulu kwa Kamphepo pa zaka.

"Ndiwe mmisiri wathu uja? Tione ngati manja ako akufanana ndi pakamwa pa mayi ako."

Anapisa dzanja m'katoni n'kutulutsa chimodzi. Anayamba amvetsera khandalo ndi chachitsulo chawo. Kenako anavala chapulasitiki. Anachiika pachifuwa, anachiika kumsana, maso atatsinzina.

Anatsegula maso.

"Zikufanana."

Chipinda chinaphulika. Alangizi anaomba m'manja, wina analiza likhweru, mayi wokolopa anavina ndi mtengo wake wokolopera. Amayi ankangopukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Kamphepo anamva ngati mapazi ake sakugunda pansi.

"Tabwera, mmisiri," anatero anamwino aakulu. "Si bwino kuti wophika asalawe. Tenga chimodzi m'katonimo timvere limodzi."

Kamphepo anatenga, n'kuchivala.

"Usamvere mtima. Mtima aliyense amaumva. Ika apa, kumsana, pansi pa phewa. Dikira akoke mpweya. Pansi pa mpweyawo pali kaphokoso kakang'ono kothetheka, ngati mchere ukagwera pamakala. Kameneko ndiye chibayo. Wamva?"

Kamphepo anamvetsera. Mpweya ankaumva chapatali. Kothetheka kunalibe.

"Ayi, sindikumva."

"Makutu ako ndi aana, sanazolowere. Yesanso, tenga changachi."

Anapukuta tonyanga ndi thonje la sipiriti n'kumuveka chimene anayesa iwo chija. Kamphepo anachiika pamalo omwe aja. Khanda linakoka mpweya.

The-the-the-the.

Kanali pomwepo, komveka bwino, ngati kakumunong'oneza m'khutu.

"Ndamva," anatero ndi mawu otsika.

"Waona? Makutu amaphunzira msanga." Anamwino aakulu anatenga zonse ziwiri, n'kuziponya m'katoni muja. "Chabwino, alangizi, imani pamzere. Aliyense atenge chake."

5. Pamzere

Kamphepo anayang'ana katoniyo. M'chipinda chonsecho ndi iye yekha amene ankadziwa kuti makutu ake sanaphunzire kanthu pa mphindi imodzi ija. Makutu anali omwewo. Chimene chinasintha chinali chomvera.

Anayang'ana amayi ake. Anali ataima pafupi ndi katoni, akumwetulira ndi mano onse, akulandira manja a anzawo. Anayang'ana khanda lija. Linkapuma mofulumira, timphuno tikutukuka.

Mlangizi woyamba, mayi wamtali wa chipewa, anatenga chake n'kuchikoleka m'khosi. "Lero ana a kumtunda andiona bwino," anatero akudzigwedeza.

"Dikirani!"

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene iye ankafunira. Mitu yonse inatembenuka.

"Musatenge. Chonde bwezani. Zinayi zokha ndi zabwino. Zinazo m'kati mulibe kanthu."

"Ukuti chiyani, iwe?" anafunsa amayi, kumwetulira kukuzima.

Kamphepo anafotokoza zonse, misozi ikutsika: za lonjezo, za maola asanu, za nambala imene amalume anamuletsa, za mmene anayesera pamtima wake atathamanga. Sanabise ngakhale zoti anavina. Atamaliza, amayi anali atazolika, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa mbama.

Anamwino aakulu anavula magalasi, n'kuwapukuta pang'onopang'ono.

"Mwana iwe, yang'ana kuno. Ukuganiza kuti mlangizi uyu akanapita nacho kuti? Akanalowa m'nyumba ya mayi amene mwana wake watsokomola masiku atatu. Akanaika chinthu chakochi kumsana kwa mwanayo, n'kumva zii. Ndiye akanati, 'Mayi, mtima m'malo, n'chimfine chabe, m'mwetseni madzi ambiri.' Mayiyo akanathokoza, mwinanso kumuperekeza mpaka kumsewu. Pamene mlangizi alibe chomvera, amakayika, ndipo amati, 'Thamangani naye kuchipatala.' Iwe ukanamulanda kukayikako, n'kumupatsa bodza loti akoleke m'khosi. Zinayi zoona zikanatithandiza. Khumi ndi ziwiri zosakaniza zikanatipweteka, ndipo sitikanadziwa n'komwe chimene chatipweteka. Pepani sapoletsa chilonda, mwana wanga, makamaka chilonda chikakhala cha mwana wa eni."

Anavalanso magalasi.

"Koma ndinenenso ichi, onse amve. Ine ndinali nditanamizika kale. Ndinanena ndi pakamwa panga kuti vuto ndi makutu ako. Ukanangotseka pakamwa, bwenzi ukutuluka muno anthu akukuombera m'manja. Ndagwira ntchito ndi anthu a ndevu zawo amene amasankha manja amenewo. Iwe wasankha manyazi. Mayi ake, dzutsani mutu. Mwanayu walakwa ngati mwana, koma wavomera ngati munthu wamkulu."

Amayi anadzutsa mutu. Sanamwetulire, koma anasendera n'kuika dzanja paphewa la Kamphepo.

6. Ndowa ya mayi wokolopa

"Tsono mmisiri," anapitiriza anamwino aakulu, "zabwinozo ndi ziti?"

Kamphepo anasuzumira m'katoni n'kugwira njakata. Zonse zinali zoyera, zonse zosalala, zonse zofanana. Anatenga ziwiri n'kuyesa kulemera kwake m'manja.

"Ichi chikukhala ngati cholemererako."

"'Chikukhala ngati' sitimulola muno. Ndipo khanda ili silikhala pano kuti tiziliyesera chimodzichimodzi, likufunika likagone."

Apo m'pamene maso a Kamphepo anagwera pakhomo. Analumpha ngati waponda moto.

"Madzi! Mayi, ndibwerekeni ndowa! Chodzaza chimira, champhako chiyandama. Tinaphunzira kusukulu!"

"Ndowa yangayi?" anadabwa mayi wokolopa. "Zaka zonsezi palibe anaipatsapo ulemu. Dikira ndiitsuke, lero yakwezedwa pantchito."

Anabwera nayo itadzaza madzi oyera, n'kuiika pakati pa chipinda. Kamphepo anagwada n'kuyamba kuzula mitu kumapaipi, n'kuchotsa tizikopa tija. Alangizi anaunjikana mozungulira, mitu ikugundana.

Woyamba anauponya. Chubwi! Unabwerera pamwamba n'kumazungulira.

"Wabodza!" anakuwa mlangizi wa chipewa.

Wachiwiri. Chubwi! Unatsika mwakachetechete mpaka kukagunda pansi.

"Woona!" chinayankha chipinda chonse.

Zinasanduka masewera. Mutu uliwonse usanaponyedwe anthu ankayamba alosera, ndipo wolephera ankasekedwa. Mayi wokolopa anadziika yekha kukhala woweruza, akuloza ndi mtengo wake. Ngakhale anamwino aakulu anaoneka akubisa kamwa ndi dzanja. Kamphepo ankaseka misozi isanaume.

"Ndikawalembera eni pulani aja," anatero akupukuta manja padiresi labwino lija. "Aonjezere kuti aliyense aziyamba waponya m'madzi asanapereke kuchipatala."

"Uyambe wauza amalume ako," anatero amayi. "Kalata yovuta ndi imeneyo."

Katoni inatha. Kamphepo anawerenga za pansi mokweza: "Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi!" Anthu anaomba m'manja. Zinayi za amalume zinalipo zonse. Kenako anayamba kuvuula zoyandama, akuziyala pansi. Atafika pa chomaliza anaima. Anawerenganso ndi chala.

"Zisanu ndi ziwiri," anatero. "Koma ine ndinaumba zisanu ndi zitatu."

Anagwedeza katoni mozondotsa. Munagwa kapepala kokha.

Amayi anagwira kumutu. "Mayo ine! Mlangizi wa njinga yamoto! Anafika seveni koloko ali pachangu. Anati kuseri kwa phiri kuli mwana amene sakuyamwa bwino chiyambire dzulo. Anandipempha kuti atengeretu chake, ndipo ine ndinamupatsa ndi manja angawa."

Kuseka konse kunathera pomwepo. Palibe amene anafunsa kuti mlangiziyo anatenga chotani. Zoona zonse zinayi zinali pansi pa ndowa, aliyense akuziona.

Anamwino aakulu anatulutsa foni m'thumba n'kuimba. Onse anadikira. Kenako kanyimbo kanayamba kulira m'chipinda momwemo, kuseri kwa sikelo ya ana. Foni ya mlangiziyo inali pamenepo, italumikizidwa kumagetsi, itaiwalidwa.

Anamwino aakulu sanachedwe. Anapinda mkono wa yunifolomu, anapisa m'ndowa mpaka m'chigongono, n'kuvuula mutu umodzi wodontha madzi. Anauika m'manja mwa Kamphepo pamodzi ndi paipi ndi kachikopa kake.

"Itanani dalaivala wa chipatala. Mayi ake, tengani chikwama cha mankhwala. Iwe, ulumikizira m'galimoto." Anamuyang'ana m'maso. "Mwanayo ali ndi milungu isanu ndi umodzi, ndipo mlangizi uja ananyamuka maola anayi apitawo."